Jafali wa mzere wakumbuyo

Lero pa siteji ya minibasi ku Mangochi ndaona mwana akuwerenga atagunditsa buku pamphuno, basi ndakumbuka iwe, Jafali. Unalowa m'kalasi mwathu banja lanu litathawa nkhondo ku Mozambique, uli wamtali kuposa tonsefe. Lamulo linali loti aatali azikhala kumbuyo. Zoti maso ako safika pa bolodi, lamulolo linalibe nazo ntchito. Ine ndinkakunong'oneza samu, iwe n'kundipatsa yankho aphunzitsi asanaike choko pansi.

Tsiku lina anatigwira. "Awiri inu, mwabwera kudzacheza kuno?" Unaimirira mwaulemu: "Aphunzitsi, sindiona. Ndikhaleko kutsogolo." Iwo anati, "Ndiye anzakowa aziwerenga msana wako?" Kalasi yonse inaseka, inenso ndinaseka. Anandisamutsira mzere wina. Unkabwerabe, n'kumangokhala kope lili lotseka, mpaka unaleka. Za imfa yako ndinamva mochedwa, mutabwerera kale kwanu. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna mawu amene ndikanawayankha aphunzitsi aja. Mawuwo ndinawapeza, mnzanga, koma iwo anamwalira, iwenso palibe.