Malo a Pakati mu Laputopu ya a Ngozo

A Cosmas Ngozo a ku Tsangano alima kachewere kwa zaka makumi anayi, ndipo pa nkhani ya malire sanyengerera munthu. Ine ndinachita nawo malire a munda, ndiye ndikudziwa. Khasu lako likangodya mzere umodzi wa kwawo, uimva nkhaniyo mpaka pa Khirisimasi. Laputopu anagula atakula kale, kuti azilemberapo makalata a kalabu ya alimi. Amalemba ndi chala chimodzi, koma salakwitsa.

Akazi awo, a Lufina, anamwalira dzinja lathali. Mayiwo ankakonda kuyimba akamasankha mbewu, ndipo a Ngozo ankawajambula mawu pa foni n'kusunga mu laputopumo. Foni ija inagwera m'madzi, nyimbozo n'kutsala mu laputopu mokhamo.

Tsiku lina ndinapita kukabwereka sipuleya yopoperera mankhwala kumunda, ndipo ndinapeza mwana wawo Thokozile, amene ali ku koleji, atabwera ku holide. Ankati maphunziro ake akufuna Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, pomwe laputopuyo imayendera Windows.

"Ababa, ndingofufuta zonse n'kuyikamo yatsopanoyi," anatero Thokozile.

"Ufufute amako?"

Mtsikanayo anazyolika. Kenako anafotokoza kuti hadi disiki, nkhokwe ya m'kati mwa makinawo, imatheka kuigawa: mbali ina Windows, mbali ina Linux, poyatsa munthu n'kumasankha kolowera.

Atangomva za kugawa, a Ngozo anakhala tsonga ngati afika pamunda. Anamuuza ayambe wakopera nyimbo zonse mu fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pa kompyuta, ndipo anazimvera imodziimodzi kuti atsimikize. Ine ndili chilili, sipuleya osaitchula n'komwe! Ndiye a Ngozo anatenga pepala n'kujambula disikiyo, imene kukula kwake kunali magiga 500, monga amajambulira munda. Windows anaipatsa 150, Linux 150. Pakati anasiya 200, n'kufunsa ngati mbali zonse ziwiri zingamafikepo. Thokozile anati zingatheke.

"Komatu ababa, nyimbo za amayi sizikwana n'magiga awiri omwe. Malo onsewa ngachiyani? Mundiwonjezereko kwangaku."

Mumtima ndinati basi, a Ngozo ayambapo zamalire zija. Koma anayankha motsitsa mawu, mmene sindinawamvepo chiyambire.

"Kumanda tinasiya malo pambali pa amako, unaona. Apanso n'chimodzimodzi. Uzindijambula ndikamalankhula. Mayina a makolo ako, modutsa malire a munda, nyimbo zimene amako anasiyira panjira. Kaya walowera khomo lako kaya langa, uzitipeza tili limodzi."

Chisoni chinandigwira, sindibisa. Munthu amene ndakangana naye zaka zonsezi chifukwa cha mzere umodzi anali kudzipimira malo ake ogona, mtima uli m'malo.

Thokozile sanatsutsenso. Analemba 200 m'kabokosi ka pa sikilini, makina n'kuyamba kugawa. Akudikira, anatulutsa foni yake, n'kuiyika patebulo pafupi ndi bambo ake, n'kudina kofiira kojambulira mawu.

"Yambani, ababa," anatero.