Ndinalengeza Kuti Adadi Akusala Kudya

Chizindikiro choyamba ndinachiona ine, ndipo ndinachiona chifukwa cha chipongwe changa. Linali Lamulungu masana, mwezi wa Okutobala, titangobwera kutchalitchi kuno ku South Bend, ku Amereka. Adadi anagona pasofa nsapato zili kuphazi, mkonono ukumveka mpaka kukhitchini. Ndinakwawa n'kumangiriza zingwe za nsapato zawo pamodzi, kenaka ndinakaliza belu la pakhomo. Dzina langa ndine Tadala, ndikumaliza sekondale, ndipo zoterezi ndi ntchito yanga m'banja muno kuyambira tili ku Zomba.

Adadi anadzidzimuka, anaona zingwezo, anaseka, n'kuwerama kuti amasule. Manja sanafike. Anayesanso, mpweya unawathera, thukuta linatuluka pamphumi, ndipo anatsamira kumbuyo akupuma ngati athamanga. Amami, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, sanaseke. Anagwada, anamasula okha zingwe zija, anawavula sokosi n'kudina mwendo ndi chala. Panatsala kadzenje kosabwerera msanga.

Zizindikiro zina zinalipo kale, koma tinkazitenga ngati nthabwala. Ankasinza pamaloboti mpaka galimoto za kumbuyo kuwaimbira hutala. Ankadzuka mutu ukupweteka, ludzu losatha. Abale akumudzi akawaona pafoni ankati, "Achimwene, Amereka yakuyanjanitu!" Adadi ankangosisita mimba n'kumaseka.

Sabata yomweyo amami anawakokera kwa dokotala. Anawapeza ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, komanso vuto lobanika m'tulo. Anawapatsa mapiritsi ndi makina opumira pogona. Dzinja lonse la chisanu anayesetsa, koma shuga sankatsika bwino ndipo mawondo anayamba kukana masitepe. Ndiye anawatumiza kwa dokotala wa opaleshoni ku Indianapolis, amene amachepetsa chifu kuti munthu azikhuta ndi chakudya chochepa.

Maulendo a ku Indianapolis ndinayenda nawo ambiri, chifukwa amami anali pashifiti ndipo pankafunika munthu wowalankhulitsa adadi kuti asasinze akudraiva. Ntchito imeneyo ndimaidziwa. Kuchipatalako mipando ya m'chipinda chodikirira ndi yotakata, ndipo anthu sayang'anana. Nesi amaitana dzina, amakukweza pasikelo, amayeza magazi, kenaka mumadikiranso. Mwezi ndi mwezi ankaonana ndi mayi wophunzitsa za kadyedwe. Anawaletsa zakumwa za shuga, anawauza kuti azitafuna pang'onopang'ono, asamamwe madzi pakudya, ndipo mbale ikhale yaing'ono. Adadi ankamvetsera ngati mwana wasukulu, manja ali pamawondo. Sindinawamvepo akudandaula, ngakhale tsiku limene ndinadya mandasi pamaso pawo dala kuti ndione ngati agonja. Anangondiyang'ana n'kupitiriza kutafuna kabichi.

Opaleshoni anaiika mu Juni. Dokotala anafotokoza kuti masabata awiri omaliza adadi asadye cholimba chilichonse, azingomwa zakumwa za mapuloteni, msuzi wosefa ndi madzi. "Chiwindi chanu chili ndi mafuta ndipo chagona pamwamba pa chifu," anatero. "Mukatsatira, chifota, ine ndigwira ntchito bwino. Mukabera, ndikachipeza chili chachikulu, nditha kusiya osachita kanthu." Anawasinthiranso mankhwala a shuga kuti asakomoke ndi njala.

Masiku oyamba anali ovuta. Mutu unkawapweteka, ankazizidwa kunja kukutentha, ndipo ankayenda mogwira khoma. Koma vuto lenileni silinali njala. Linali anthu athu.

Adadi ndi mkulu wa mpingo, ndipo sanafune kuti anthu adziwe za opaleshoni. Ankati bambo wamkulu kukadulitsa chifu chifukwa cha kunenepa n'zamanyazi. Anangoti sakupeza bwino. Tsono Mmalawi akamva kuti wina sakupeza bwino, sabwera chimanjamanja. Amabwera kudzazonda ndi chakudya, ndipo sachoka mpaka aone wodwala akudya. Kukana n'kunyoza amene waphika.

Oyamba kufika anali mayi Phiri, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, atanyamula mpunga, nkhuku yokazinga ndi zitumbuwa. Amami kunalibe. Mayi Phiri anapakula okha, anaika mbale pamiyendo pa adadi, n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Idyani ndikuona, a mkulu. Mwawonda nkhope. Mankhwala achizunguwa amafuna m'mimba muli kanthu."

"Zikomo mayi, ndidya nthawi ina."

"Nthawi ina iti? Ndadzuka m'mawa kukazinga nkhuku imeneyi. Kapena ndimaphika zoipa?"

Adadi anatenga supuni. Maso awo anali pantchafu ya nkhuku. Munthu amene anapirira miyezi yonse ija anali pafupi kugonja chifukwa cha ulemu. Mawu anangotuluka okha mkamwa mwanga.

"Anti, adadi akusala kudya. Masabata awiri. Akupempherera mpingo wonse."

Mayi Phiri anagwira pakamwa. Analanda mbale ija mwachangu ngati yatentha. "Ambuye andikhululukire! A mkulu, bwanji osanena? Ndikanakuchimwitsanitu ine." Adadi anandiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa, koma mayi Phiri anali atayamba kale kupemphera. Nkhuku ija tinadya ine ndi mlongo wanga Chikondi, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo sanayankhe m'chilankhulo chilichonse, pakamwa panali podzadza.

Pofika mawa lake nkhani inali itafika pagulu la mpingo la pafoni. Sindikana kuti ndinaithandizako pang'ono kuyenda. Ozonda ankabwerabe, koma tsopano ankalowa monyang'ama, chakudya n'kupereka kwa ife ana, adadi n'kuwapempha kuti awaike manja. Azakhali a ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, anaimba foni akulira ndi chimwemwe. Adadi anandiuza kuti bodza limeneli silitha bwino. Ndinawakumbutsa kuti nkhuku sanadye.

Zinasintha Lamulungu lotsatira. Tisanalowe m'tchalitchi, agogo Banda, bambo wokalamba amenenso ali ndi shuga ndipo amadzibaya jakisoni, anawagwira dzanja adadi. Anati aona chitsanzo chabwino, ndipo iwonso sanadye kuyambira dzulo lake. Milomo yawo inali youma ndipo ankadzandira. Adadi anawakhazika pansi, anatuma Chikondi kukatenga juwisi m'galimoto, ndipo anaima pomwepo mpaka agogowo atamwa.

Nthawi ya zolengeza itakwana, adadi anapita kutsogolo. Suti inali itayamba kuwakhwepa. Analankhula mosathamanga.

"Abale, ine sindikusala kudya. Ndikudwala. Thupi limene mumaliyamikirali likundipha pang'onopang'ono. Sabata ikubwerayi akandichepetsa chifu, ndipo dokotala wandiletsa chakudya cholimba. Ndinachita manyazi kunena, mwana wanga anandibisa ndi bodza, ine ndinalola. Amene ali ndi shuga asanditsanzire. Ndithandizeni posandipatsa chakudya."

Mitu yonse m'tchalitchi inatembenukira kwa ine. Ndinakweza dzanja n'kuwabayibitsa, chifukwa sindinaone china chochita. Bambo amene ankaopa kukana mbale imodzi m'nyumba mwake anali atangouza mpingo wonse chinthu chimene ankachibisa kwambiri, ali ndi njala ya sabata yathunthu. Sindinaonepo munthu wolimba mtima chotero.

Titatuluka, mayi Phiri anandikoka khutu. "Iwe kamtsikana iwe, unandipempheretsa pa bodza!" Ndinawauza kuti pemphero silinawonongeke, linangopita kumalo ena. Madzulo ake anabwera ndi fulasiki ya msuzi wa nkhuku wosefa bwinobwino, wopanda mafuta, atafunsa kaye amami zoyenera. Anakhala moyang'anizana ndi adadi monga kale, n'kuwaonerera akumwa mpaka kutha. Amami anandilanda foni sabata yonse. Ndinaona kuti mtengo wake ndi wabwino.

Usiku woti mawa opaleshoni tinagona kwa azakhali ku Beech Grove, ndipo m'mawa tinalowa m'tauni. Adadi anawaveka chovala chachipatala, anawaika diripi, nesi anawafunsa dzina ndi tsiku lobadwa kangapo. Atawatenga, ine ndi amami tinakhala m'chipinda chodikirira kuyang'ana chitseko. Ndinayesa nthabwala imodzi, sinagwire, ndinasiya. Dokotala atatuluka anati, "Chiwindi chinafota bwino. Iwo anagwira ntchito yawo, yanga inaphweka." Amami anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Tsiku lomwelo anawadzutsa adadi kuti ayende m'khonde, kuopa kuti magazi angaundane m'miyendo. Ankayenda akukoka chitsulo cha diripi, ine ndili pambali. Madzi ankamwa m'timakapu tating'ono ngati ta mgonero kutchalitchi. Kunyumba anayamba ndi zamadzimadzi, kenaka zofewa ngati phala ndi mazira, kenaka nsomba pang'ono. Panali masiku osanza, makamaka akafulumira kumeza, ndi masiku okhumudwa poona ife tikudya. Sanabwerere m'mbuyo.

Panopa padutsa chaka. Mankhwala a shuga anawachepetsera, makina opumira dokotala akuti mwina awasiya posachedwa, ndipo amayenda m'mbali mwa mtsinje m'mawa uliwonse. Mavitamini azimwa moyo wawo wonse, ndipo kuchipatala amapitabe kukayezedwa. Abambo awiri a kumpingo anabwera mwakachetechete kudzafunsa dzina la dokotala. Akumudzi akawaona pafoni amafunsa ngati kuno kwagwa njala.

Kwa inu amene mukusinza masana, miyendo ikutupa, mpweya ukuthera pa ntchito yaing'ono, pitani kuchipatala msanga, musadikire kuti mwana wachipongwe akutulukireni. Opaleshoni si ya aliyense, dokotala ndiye angakuuzeni. Mukayamba kadyedwe kokonzekera, uzani anthu anu zoona kuyambira tsiku loyamba, chifukwa si nyumba iliyonse ili ndi Tadala. Ndipo inu ozonda, funsani kaye musanakazinge nkhuku.

Anthu amandifunsa ngati ndinapepesa. Ndipepese chiyani? Lamulungu lapitali adadi anagonanso pasofa nsapato zili kuphazi, mopanda mkonono. Ndinamanganso zingwe zija, mfundo ziwiri, n'kukaliza belu. Anawerama, anamasula okha, ndipo anandithamangitsa mpaka pamsewu. Anandigwira.