Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri Linapita ndi Mandasi

Kwathu ku Msumba nkhani za dziko lapansi zinkafika zitamera kale imvi. Amayi ankagulitsa mandasi pafupi ndi sukulu, ndipo nyuzipepala zakale zokulungira ankaitanitsa mtolo wathunthu kuchokera ku Lichinga. Lamulo la atate linali lakuti pepala lililonse liyambe lawerengedwa lisanakhudze mafuta. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, choncho wowerenga ndinali ine, mphunzitsi wathunthu, mayi wa ana awiri, nditakhala pamphasa ngati mwana wa kalasi yoyamba.

Ndinkasangalala nazo zedi, chifukwa atate ankaweruza dziko lonse ali pampando wawo wansungwi. Ndikanena kuti pali chithunzi cha atsogoleri awiri akugwirana chanza, ankafunsa kuti, “Maso awo ali kuti?” Ndikati ali kwa wojambula, iwo ankaomba m'manja. “Basi, sanagwirizane amenewo. Munthu wokhululuka amayang'ana mnzake.” Tsiku lina ndinawawerengera za chithunzi cha mizere yokhotakhota chimene anthu olemera a kunja ankalimbirana. Anaseka mpaka kutsokomola, nandituma kuti ndifunse adiresi, atumizeko ukonde wawo wong'ambika.

Nkhani imene inatisokoneza mitu inali ya gulu la oimba a dziko lina lakutali kumene kunali nkhondo. Anakwera basi ndi ng'oma zawo ndi magitala, kuthawira kumalire. Asilikali anaimitsa basiyo, nawalamula kuti onse atsike. Pamenepo mawu anatha, ndipo pansi pake panalembedwa kuti nkhaniyo ikupitirira pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

“Werenga msanga!” anatero atate.

Ndinafufuza mtolo wonse, tsambalo osalipeza. Atate anatsogolerapo kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo nthawi ya nkhondo ya kwathu kuno oimba awo anabalalika, ena pamabwato kupita ku Likoma, ena sanamvekenso mpaka lero. Ndiye funso lakuti oimba aja anawoloka kapena ayi linawakhala pakhosi. Anakana ngakhale tiyi.

Amayi anavomera mosachita manyazi kuti m'mawa anatengako mapepala angapo. “Mandasi sadikira a pulezidenti,” anatero, akupukuta manja m'chitenje.

Tinanyamuka, ine kutsogolo, atate pambuyo atandigwira phewa, kukasaka pepala limodzi m'mudzi wonse. Khomo lililonse, titaodira, atate ankayamba ndi funso lomwelo: “Mwagulako mandasi lero? Jornale yake, nyuzipepala yokulungira ija, mwaiika pati?” Anthu ankaganiza kuti tapenga, koma akamva za basi ija nawonso ankayamba kuvundukula madengu. Tinapeza masamba a mpira, tinapeza nduna ina itadulidwa pakati, mutu kwina mimba kwina. Mkulu wina wosoka maukonde tinamupeza akusuta fodya wopichira m'nyuzipepala, ndipo atate anatsala pang'ono kumulanda ndudu pakamwa. Atatipatsa monyinyirika tinaifunyulula, koma inali malonda a matayala. Ndinaseka mpaka misozi, mkuluyo akutukwana chifukwa cha fodya wake amene anamwazika pamchenga.

Pofika masana tinali khamu. Azimayi oyanika usipa pamathandala ankatikuwira tikali patali kuti, “Awoloka kodi?” ngati oimbawo anali a kufupi konkuno ku Cobue. Wina anati asilikali akamva nyimbo amafewa, wina anati zimatengera nyimbo yake, mkangano n'kubuka pakati pa anthu amene dzina la dzikolo sankatha ngakhale kulitchula. Ine mtima unali m'mwamba, ndinaiwala kuti ndili ndi makope a ana oti ndichonge.

Tsambalo tinalipeza kwa mayi wina amene ankachapa kunyanja. Anali atakulungiramo sopo. Ndinalitambasula pamwala pang'onopang'ono, lonyowa, lamafuta, anthu atandizinga, atate akulipapasa ndi zala. Nkhani ya oimba inali pakona, mizere inayi yokha. Inati basi inapezeka yopanda anthu, zida zoimbira zili momwemo, ndipo palibe amene ankadziwa kumene eni ake anapita.

Ndinayang'ana atate. Anali atavula chipewa, khutu atalozetsa kwa ine, akumwetulira kale. Chisoni chinandigwira, ndipo pakamwa panga panayamba pokha. Ndinawerenga kuti asilikali anawauza kuti aimbe kaye, ndipo ataimba mkulu wa asilikali anatsegula chipata ndi manja ake. Ndinawerenga kuti kutsidya anawalandira ndi mpunga ndi nyama, kuti woimba ng'oma anapezako mkazi. Ndinanamadi, ndipo bodzalo linkatuluka losalala moti ine ndemwe ndinayamba kulikhulupirira.

Kunali nthungululu pagombe! Mayi wa sopo uja anavina ndi thovu m'manja, atate anayambitsa nyimbo yoyamika, anthu n'kuilandira m'mawu anayi monga anawaphunzitsira kale. Pepala ndinalifinya m'manja mpaka linasanduka phala.

Pobwerera tinatsala awiri. Dzanja lawo linali paphewa panga, ndipo tinayenda mpaka pamtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi.

“Mwanangu,” anatero, “pepala lija ndinalikhudza. Linali laling'ono, koma iwe unawerenga nthawi yaitali.”

Ndinaima, nawonso anaima.

“Usandiuze,” anatero, akundikankha pang'ono kuti tiziyenda. “Ungobwereza paja pa chipata. Unati anatsegula ndani?”