Kamunthu Kosewera Kokha

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, amalume amene ankanyamula katundu kubwalo la ndege ku Chileka atatibweretsera gemu kwathu ku Lirangwe. Kanali kabokosi kotuwa kolumikiza ku TV ya amayi aang'ono, yomwe inkayendera batire ya galimoto. M'gemumo munali kamunthu ka miyendo yaifupi, kothamanga pamatabwa olendewera m'mwamba n'kumadumpha maenje.

Kukoma kwake kunali m'chala. Ukadina pang'ono kankadumpha pang'ono, ukakanikiza kankauluka, ndipo ukagwa panalibe wom'namizira. Katswiri anali Madalitso, mwana wa amayi aang'onowo. Ine ankandiseka kuti ndimadumpha ngati chule wokhuta.

Dzinja la chaka chomwecho malungo anamutenga Madalitso. Maliro atatha, akuluakulu anayala katundu wake pamphasa kuti agawe monga mwa mwambo. Gemu inagwera ine, koma inatsala m'nyumba momwemo poti TV inali imodzi.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinaiyatsa. Kanyimbo kake katayamba, chosewerera chake cha mabatani ndinachiika pampando umene ankakhalapo Madalitso. Posakhalitsa kamunthu kanayamba kuthamanga kokha. Palibe anali kugwira kanthu. Kanadumpha dzenje loyamba, kanaima m'mphepete mwa lachiwiri monga ankaimira iye, kenako kanadumphanso.

"Ndi iyeyo," anatero amayi aang'ono kumbuyo kwanga. Anali ataima pakhomo, lichero lili m'manja.

Kamunthu kanafika padzenje lalikulu la moto, kanadumpha, kanagweramo. Pa TV panada, kenako kanayambiranso pachiyambi, n'kukagweranso pomwepo. Amayi aang'ono anabuula monga anabuulira kumanda.

Kuyambira tsikulo kumunda anasiya kupita. Ankangokhala pansi miyendo atatambasula, n'kumaonerera mwana wawo akugwa. Udzu unapitirira chimanga, iwo akuonda. Anthu anayamba kunong'ona kuti m'nyumbamo mwalowa mzimu, ndipo ena ankati kabokosiko katenthedwe. Ine ndinkadutsa kutali ndi zenera, chifukwa kanyimboko kankamveka mpaka panja m'mudzi muli zii.

Amalume atabwera Loweruka anayesa kufotokoza.

"Chemwali, zinthu izi zimatero. Ukazisiya zimadziseweretsa zokha kuti zikope anthu. Mulibe munthu umu."

"Ndamva, achimwene. Nanga bwanji akungogwera pamodzimodzi?"

Amalume anangoti mawa lake abwerera nako kabokosiko ku Chileka. Apo amayi aang'ono anatembenukira kwa ine, maso ali gwa.

"Yamikani, ndiolotsere mwana wanga asanam'tenge."

Ndinachita mantha kwambiri. Chosewerera chinali chidakali ndi litsiro la zala za Madalitso m'mbali mwa mabatani, ndipo sindinafune kuchigwira. Komabe ndinachitola. Ndinagwa, ndinagwanso, maulendo ena ndinagwera m'maenje aang'ono ndisanafike n'komwe pamoto paja. Nthawi iliyonse ndikagwa ndinkamva mpweya wa amayi aang'ono ukudukiza pambali panga. Batire inayamba kufooka, chithunzi n'kumachepa m'mbali.

Kugwa kochulukako n'kumene kunandionetsa chimene ndinkaphonya. Pakati pa dzenje la motolo panali kathabwa kamene kankapita n'kubwerera. Sipankafunika liwiro, pankafunika kudikira. Ndinaimika kamunthu m'mphepete mpaka kathabwa kanayandikira. Ndinadumphira, kananditenga, ndinadumphanso.

Kutsidyako kunalibe chodabwitsa. Kunali kamtunda ka udzu ndi chitseko, ndipo kamunthu kanalowa.

Amayi aang'ono anadzuka, nazula okha waya kubatire.

"Basi, wafika," anatero. M'mawa mwake ananyamula khasu.

Lero ndine bambo, ndipo ndimadziwa bwino kuti amalume ankanena zoona: munalibe munthu m'kabokosimo. Ndikuganiza kuti amayi aang'ono nawonso ankadziwa. Koma malungo sanawapatse mpata wochitira mwana wawo kalikonse, pamene gemu ija, ngakhale ugwe kangati, inkakulola kuyesanso. Ndikapita kumaliro masiku ano sindithamangira kufotokozera wofedwa mmene zinthu zilili. Ndimakhala pambali pake, ndipo akandipempha kanthu, ngakhale kooneka kopanda nzeru, ndimachita.