Mphuno ya Fanwell

Mu komboni ya George, kuseri kwa kiosiki ya madzi panjira yopita ku Lilanda, muli kashopu ka malata momwe Fanwell amakonzera makompyuta a magemu. Dzina lakelo ndi ochepa amene amalitchula. Ambiri amangoti Ba Mphuno. Gemu ikayamba kudukiza, kapena nkhope za osewera mpira pa sikirini zikasanduka timabokosi tobiriwira, iye sankathamangira sikuludiraiva. Ankatsegula chivundikiro, n'kuweramira mkati, n'kununkhiza. Fumbi lotentha, waya wosungunuka, fani yotopa, chilichonse chinali ndi fungo lake. Anthu ankachoka ku Matero, ena ku Chawama, kudzangoonera zimenezo.

Chimene sankadziwa n'chakuti mphunoyo inafa kale. Matenda a chifuwa aja a mu 2021 anamugoneka masabata awiri, ndipo atadzuka sanamvenso fungo, ngakhale la tinsomba ta kapenta tili pamoto. Anachita mantha, manthawo n'kumuphunzitsa bodza. Mkazi wake Magdalene, amene amakazinga zitumbuwa pakhomo pa shopuyo, ndiye anasanduka mphuno yake. Chinthu chikayamba kupserera mkatimo, Magdalene ankatsokomola kawiri, Fanwell n'kuzimitsa msanga ngati wamva yekha. Zaka zitatu zinatha choncho.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Magdalene anakwera minibasi kukagula ufa ku Kamwala. Asanabwerere kunafika Nkandu, mtsikana wa ku Lilanda, atakumbatira kompyuta yokulunga m'chitenje. Nkandu ankasewera gemu yothamangitsa magalimoto, ndipo Loweruka anali ndi mpikisano. Khadi la zithunzi la m'kompyutayo, lija limene limasenza gemu yonse, anamugulira ndi mchimwene wake amene tsopano ndi malemu. Lina sakanalipeza, ndipo sankafunanso lina.

"Ba Fanwell, gemu yanga iimilila-imilila," anatero Nkandu. "Nikafika pa kona motoka ilumpha, na mseu uoneka vimizele va pinki. Nunkhizani chabe, muzaziba."

Fanwell anayang'ana kampando ka mkazi wake pakhomo. Panalibe munthu. Akanatha kunena kuti bwerani mawa, mawu awiri okha, koma munthu amene wakhala akutamandidwa zaka khumi mawu oterowo amamulemera.

"Fakani apa, ba sisi," anayankha.

Tisamunamizire, ntchito ankaidziwa. Anapemerera fumbi lofiira la mu George limene linali litamatirira pa fani ngati bulangeti. Anapukuta mankhwala ouma oziziritsa khadilo n'kupaka atsopano. Anachotsa pulogalamu yakale yoyendetsa khadi, n'kuika ina, kenako anachepetsa mithunzi ndi kunyezimira kwa madzi mu gemumo. Kanambala ka pakona ya sikirini, kosonyeza zithunzi zodutsa pa sekondi imodzi, kanakwera kuchoka pa 20 kufika pa 60. Galimoto inakhota bwinobwino osalumpha.

Panatsala mwambo wake uja. Anasankha msewu wolemetsa kwambiri mu gemuyo, wa mvula ndi magalimoto ambiri, n'kuusiya kuti uthamange. Anaweramira m'bokosi la kompyutayo, anatseka maso, n'kukoka mpweya mwamphamvu monga ankachitira kale.

"Ili che bwino," anatero. "Yenze fumbi chabe."

Mafani anayamba kulira mokweza. Kamzere ka pinki kanang'anima pa sikirini n'kuzimiririka. Galu amene ankagona pakhomo anadzuka, anayetsemula, n'kupita. Nkandu anasisita mphuno, anasuzumira panja kumene mayi wina ankatentha zinyalala m'ngalande, kenako anayang'ananso Fanwell. Fanwell maso ake anali pa kanambala kaja, mtima uli m'malo, akumwetulira.

Mwadzidzidzi sikirini inada bii. Utsi woonda unatuluka m'mbali mwa bokosi. Fanwell anazula pulagi pakhoma, koma anali atachedwa. Waya wopereka magetsi ku khadilo unali utasungunukira pamalo pake polowera, ndipo ngodya yonse ya khadi inali itapsa ngati khala. Vuto lenileni linali pamenepo kuyambira pachiyambi. Mphuno yamoyo ikanaligwira msanga.

Nkandu sanakuwe. Anagwada, n'kukhudza khadilo ndi nsonga ya chala.

"Ninamvela kununkha kudala," anatero motsitsa mawu. "Koma imwe munakamba ati ili che bwino. Ninaganiza ni vinyalala va panja. Nanga ine ningapambane Ba Mphuno?"

Fanwell anayang'ana pansi. Manyazi anamugwira.

Nthawi yomweyo Magdalene anatulukira pakona ya kiosiki, thumba la ufa lili pamutu. Asanafike n'komwe pakhomo anaima, anakweza nkhope, n'kutsokomola kawiri.