Bambo Anga Anali Rodi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaona ndi maso anga ntchito ya bambo. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Lewisham. Iwo ankachoka pakhomo milungu yathunthu ndi bandi ina ya azungu, ndiye ine ndinkangoti ndi oyimba.

Tsiku lina amayi, omwe anali nesi, ali pa shifiti, bambo anapita nane ku holo ina ku Peckham. Munkanunkha mowa wadzulo. Ndinadikira kuti akwere pasiteji, koma iwo ankangotsitsa masipika m'lole ndi kukulunga mawaya, thukuta lili kamukamu. Woyimba wina, mwana wamng'ono kwa iwo, anawakodola ndi chala n'kuwaitana kuti “rodi”.

M'basi pobwerera ndinawafunsa tanthauzo lake. Anandiuza kuti dzinali linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza msewu, poti anthu oyenda ndi bandi kwawo n'kumsewu. Wonyamula katundu, woyatsa magetsi, wochuna magitala, onsewo ndi marodi, ndipo amavala zakuda kuti oonerera asawaone.

“Tikamaitanana tokhatokha, ndi dzina laulemu,” anatero. “Koma likachoka pakamwa pa munthu amene sanakufunsepo dzina lako, limabaya.”

Chaka chotsatira, bokosi la zida linatsetsereka pa lole n'kuwathyola msana. Bandi inapeza munthu wina tsiku lomwelo n'kupitiriza ulendo. Bambo sanayendenso. Amayi ankasamalira odwala kuchipatala, pofika kunyumba n'kuyambanso kusambitsa amuna awo, mpaka bambo anatisiya m'nyengo yozizira.

Pamaliro sipanafike woyimba ngakhale mmodzi. Anabwera ndi marodi anzawo, amuna a zikhatho zokakala, olankhula mokweza chifukwa makutu anawathera kumasipika. Amalume atayamba kusankha onyamula bokosi, mmodzi wa amunawo anapempha amayi kuti awalole iwo. Analinyamula mosamala, osaligunditsa ngakhale pang'ono pa khomo lopapatiza la tchalitchi chathu.

Pano ndine mayi wa ana, ndipo zimene sindinkazimvetsa ndikuzimvetsa. Nyimbo imene anthu amaiombera m'manja imafika pasiteji pamsana pa munthu wina. Munthuyo amaoneka tsiku limene wagwa, ndipo ngakhale tsikulo lole siimudikira.