Atate ndi magazi osabisa shuga

Chaka chimene boma linanditumiza kukaphunzitsa sayansi ku Rufunsa, ndinatenga atate kuti tizikhala limodzi. Anali ndi matenda a shuga, ndipo akulu awo anali atadulidwa kale mwendo ndi matenda omwewo. Ine mtima sunali m'malo.

Koma atatewo anali ochenjera ngati chiyani. Tsiku la kuchipatala likayandikira, ankangoti mimba yavuta, osadya kanthu kuyambira dzulo lake. Anamwino akabaya chala, shuga ali bwinobwino. Nanga masiku ena onsewo? Masana ine ndili m'kalasi, iwo ali pamsewu pa Chinyunyu ndi anzawo, pomwe munkoyo, chakumwa chija chonga thobwa, wothira shuga susowa. Ndinkawakalipira mpaka mawu kusasa, iwo n'kumangoseka.

Tsiku lina adokotala anati atumiza magazi ku Lusaka akapimidwe mwa njira ina. Atatchula njirayo ndinaizindikira, pakuti kusukulu ya ukachenjede ndinathera chaka chathunthu ndikuyesa kupanga mankhwala a mtundu umenewo. Shuga akachuluka m'thupi amamatirira ku puloteni yofiira ya m'magazi, ndipo sachokanso. Magaziwo amawadutsitsa m'kachubu kodzaza timibulu topakidwa mankhwala opangidwira kugwira puloteni ya shuga yokha, monga chisoso chimagwirira buluku. Zina zonse zimadutsa. Zotsalira m'kachubu zimaulula mmene munthu wadyera miyezi iwiri kapena itatu.

Ndinawafotokozera atate zonsezi m'minibasi, mwadala. "Ulendo uno njala yanu ija sikuthandizani," ndinatero. Iwo anangoyang'ana kuwindo.

Pamene tinkadikira zotsatira, ndinkangowayang'ana mapazi akavula nsapato. Ndinkaopa kwambiri, osanama.

Titabwerera kuchipatala, adokotala anawerenga zotsatira zija, n'kuvula magalasi, n'kuyang'ana atate. "Ba shikulu, mukudzisamala bwino. Pitirizani momwemo."

Ndinangokhala pabenchi. Kani atatewo pamsewu paja ankangomwa madzi anzawo akumwa munkoyo. Tili panja ndinawafunsa kuti nanga ankadzizunziranji ndi njala ngati analibe chobisa.

"Makina sindinkawaopa," anatero atate. "Ndinkaopa iwe. Shuga akanangokwera pang'ono, m'nyumba muja mukanakhalika?"

Ndinaseka mpaka misozi. Pobwerera tinatsikira pa Chinyunyu, ndinawagulira mtedza wokazinga, n'kuwasiya akucheza ndi anzawo. Kunyumba ndinapita ndekha, osacheuka.